Madoda osewera nkhondo ndi tiasilikali ta mtovu

Sabata ino tiyeni tiwoloke nyanja tikaone masewera ena a ku Ulaya amene ambiri mukawamva mugwira pakamwa. Kumeneko kuli madoda a imvi zawo, ena aphunzitsi, ena madokotala, amene amati akaweruka ku ntchito amakumana m'nyumba, nkuyala nsalu yobiriwira pa tebulo, nkuikapo timapiri, timitengo ndi timitsinje topanga, kenaka nkundandalika tiasilikali tochepa ngati chala cha mwana, nkuyamba kumenyanitsa. Kuno kwathu mwana akaumba ng'ombe zadothi nkumazigundanitsa timati ndi chibwana, adzaleka. Koma anzathuwo saleka, ndipo amatayirapo ndalama zambiri.

Chiyambi chake sichinali chibwana konse. Ku Prussia, dziko limene mbali yake ina lero ili mu Germany, bambo wina dzina lake von Reisswitz anapereka kwa mfumu yake tebulo losewererapo nkhondo m'chaka cha 1812. Mwana wake, amene anali msilikali, anakonzanso malamulo ake m'chaka cha 1824 kuti masewerawo azichitikira pa mapu enieni. Magulu a nkhondo anali timatabwa ndi tizitsulo tofiira ndi tabuluu, ndipo pakati pa osewera pankakhala mkhalapakati wodziwa za nkhondo, amene ankagamula zotsatira mothandizidwa ndi madayisi, timiyala ta madontho tija. Masewerawa anawatcha Kriegsspiel, ndipo akuluakulu a asilikali analamula kuti atsogoleri a magulu aziphunzirirapo. Prussia itagonjetsa France pa nkhondo ya 1870 mpaka 1871, maiko ena anayamba kutengera.

Nanga tiasilikali teniteni tinachokera kuti? Amisiri a mu mzinda wa Nuremberg ku Germany anali atatchuka kale ndi kuumba tianthu taphwatalala ta chitsulo chofewa. Koma m'chaka cha 1893 banja la a William Britain ku London linatulukira nzeru ina. Ankathira mtovu wosungunuka mu chikombole, nkuukhuthula msanga wa pakati usanaume, kotero kuti kamsilikali kankatuluka kamphako m'kati ngati chikho. Mtovu unkalowa wochepa, mtengo nkutsika, ndipo ana ambiri anayamba kukwanitsa kugula. Msinkhu wake unali mamilimita 54, ndipo mpaka lero umenewu ndiwo msinkhu umene otolera zidole zakale amauyesa weniweni.

Amene anatengera masewerawa m'nyumba za anthu wamba ndi mlembi wotchuka H. G. Wells, mu buku lake la Little Wars la m'chaka cha 1913. Iye ndi anzake ankagwada pansi m'chipinda kapena pa kapinga. Msilikali wapansi ankaloledwa kuyenda phazi limodzi, ndiye kuti pafupifupi masentimita 30, pamene wa pa kavalo ankayenda mapazi awiri, ndipo ankayeza ndi chingwe. Mizinga inali ya sipuling'i yolasa timitengo. Kamsilikali kakagwa ndiye kuti kafa. Wells anali munthu wodana ndi nkhondo, ndipo maganizo ake anali akuti munthu akasewera kangapo amaona yekha mmene atsogoleri amasokonezekera ndi asilikali ochepa chabe, nkuzindikira kuti nkhondo yeniyeni ya anthu miyandamiyanda ndi uchitsiru woopsa. Sipanathe zaka ziwiri, m'chaka cha 1914, nkhondo yoyamba ya dziko lonse inabuka.

Masewera a masiku ano anakhazikika ndi Donald Featherstone wa ku Southampton, amene anamenya nawo nkhondo yachiwiri ya dziko lonse mu gulu la akasinja. Buku lake la War Games linatuluka m'chaka cha 1962. Mizinga yolasa timitengo inachoka chifukwa inkakanda penti, ndipo m'malo mwake munalowa madayisi ndi tepi yoyezera. Wosewera amayeza mtunda, amaponya madayisi, amayang'ana m'buku la malamulo kuti agwa angati, ndiponso ngati otsalawo alimba mtima kapena athawa. Nthawi yomweyo kampani ya Airfix inkagulitsa tiasilikali tapulasitiki tambirimbiri m'kabokosi kamodzi pa mtengo woti mwana wa sukulu nkukwanitsa. Kenaka kunabwera Games Workshop, imene inayamba m'chaka cha 1975 ku London, nitulutsa masewera a Warhammer m'chaka cha 1983, momwe asilikali amalimbana ndi zilombo za m'nthano. Lero likulu lake lili ku Nottingham, ndipo ndi kampani yolemera zedi.

Komabe alipo ena amene safuna zatsopanozi. Amafuna kalembedwe kakale komweko: kamsilikali koima njo, masaya ofiira, penti yonyezimira, malamulo ochepa oti nkukwana pa tsamba limodzi. Ena sasewera nkomwe, amangosunga m'kabati ya magalasi. Kwa otolerawa, kamsilikali kamene kali ndi penti yake yoyamba, ngakhale yokandikakandika, kamaposa mtengo kamene wina wakapakanso mwatsopano, ndipo kakhala kali m'bokosi lake lenileni mtengo umakwera kwambiri. Osewera nawo amatha miyezi akupenta gulu limodzi ndi kaburashi ka nsonga ngati singano, akufufuza m'mabuku kuti jekete la gulu lakutilakuti linali la mtundu wanji ndipo mabatani ake anali otani. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Tsono nkhani ija yatifika pakhomo apa. Pa matebulo amenewa sipamenyedwa nkhondo za Napoleon zokha ayi. Amaseweranso nkhondo ya ku Isandlwana ya m'chaka cha 1879, pamene Azulu anagonjetsa asilikali a Britain. Ndipo mmisiri wina wa ku Britain, Mark Copplestone, anaumba ankhondo a Chingoni, ndi zishango zawo, mikondo ndi nthenga kumutu, amene amagulitsidwa m'timapaketi. Ndiye kuti makolo a ambiri a ife, a mtundu womwe uja wa Zwangendaba amene anawoloka Zambezi m'chaka cha 1835 tsiku la kadamsana, ndi a Maseko amene anadzakhazikika kufupi ndi phiri la Domwe, lero akuguba pa matebulo a anthu amene sanapondepo ku Angónia.

Kodi tikwiye kapena tinyadire? Ine ndikuona mbali ziwiri. Mbali yoyamba njakuti munthu wopenta Mngoni amayamba wawerenga za iye. Amadziwa kuti Inkosi Gomani anaphedwa ndi Angerezi m'chaka cha 1896, ndi kuti Angoni a Mpezeni anagonjetsedwa m'chaka cha 1898. Tifunse ana athu a sukulu ngati akudziwa zimenezi. Nzochititsa manyazi kuti mlendo wa kutsidya kwa nyanja adziwe maonekedwe a chishango cha agogo ako iwe mwini wake usakudziwa.

Mbali yachiwiri ndi imene tebulo silionetsa. Pa nsalu yobiriwira ija pamakhala asilikali okhaokha. Palibe mayi wothawa ndi mwana kumbuyo, palibe nkhokwe yopsa, palibe munda wosiyidwa chimanga chili chete. Akulu anati njovu zikamamenyana wovutika ndi udzu, koma pa tebulo udzu wake ndi wa nsalu, sumva kupweteka. Angoni enieniwo sankangomenyana ndi azungu. Ankagwiranso Achewa ndi Antumba m'midzi, ndipo nkhani imeneyo ilibe kachidole kake. Masewera akatha, akufa onse amadzuka nkubwerera m'bokosi kudikira Loweruka lina. Ife amene tinaona nkhondo imene inatha ndi pangano la ku Roma pa 4 Okutobala 1992, amene ena tinakhala zaka m'misasa ya othawa kwawo ku Malawi, tikudziwa kuti amene anagwa sanadzukenso.

Pa chifukwa ichi sindinganene kuti osewerawo ndi anthu oipa. Featherstone anaiona nkhondo ndi maso ake, ndipo ambiri osewera ndi anthu ofatsa amene akatha amagwirana chanza nkumwera limodzi tiyi. Bawo nayenso timadyana ng'ombe popanda wolira. Choopsa chimabwera pamene munthu wa mphamvu ayamba kuona anthu amoyo ngati tizidole toti nkusuntha pa mapu. Kumbukirani kuti masewerawa anayambira m'manja mwa akuluakulu a asilikali, osati ana.

Chenjezo limodzi kwa makolo. Mtovu ndi poizoni, umaononga ubongo wa mwana pang'onopang'ono, ndipo nchifukwa chake kampani ya Britains inaleka kupanga tiasilikali tamphako ta mtovu m'chaka cha 1966. Mukapeza kachidole kachitsulo kolemera, kotuwa, kofewa koti nkukandika ndi mpeni, m'katundu wa kaunjika kapena m'nyumba zakale, musampatse mwana woti amaika zinthu m'kamwa. Kasungeni pamwamba, mwina nkukhala ka mtengo wake.

Ndipo mukaona adzukulu akuumba ankhondo adothi kudambo, musawathamangitse. Khalani nawo pansi, muwauze kuti chishango chinkapangidwa ndi chikopa cha ng'ombe, muwauze kumene makolo anachokera ndi mitsinje imene anawoloka. Koma muwauzenso za amene anathawira m'mapanga ndi amene sanabwerere, kuti akule akudziwa kuti nkhondo simanga mudzi.