Citseko ca Oyendetsa Ndeke Ncolimba Kunja, Nanga M'kati?

Mu Juni 2023 boma la America linakhazikitsa lamulo lakuti ndeke zatsopano zonyamula anthu zizikhala ndi cochinga caciwiri patsogolo pa citseko ca cipinda ca oyendetsa. Cochingaco ndi geti yopepuka imene imatsekedwa kwa kanthawi pamene woyendetsa afuna kupita ku cimbudzi kapena kulandira cakudya, kuti pa mphindi imene citseko cacikulu cili cotsegula, munthu wa ciwembu asathamangire m'kati. Anthu okhala m'makomboni a Lusaka sangadabwe nayo nzeru imeneyi. Ku Matero, ku George ndi ku Chawama nyumba zambiri zili ndi zitseko ziwiri, ca matabwa m'kati ndi ca zitsulo kunja, ndipo mai wa pa nyumba amatsegula ca matabwa kuti aone wogogoda, ca zitsulo cija cili cikhomere.

Awerengi athu a kumidzi angafunse kuti nkhani ya ndeke iwakhudza bwanji, popeza ambiri amangoziona zikudutsa m'mitambo iwo ali m'munda. Iwakhudza ndithu. Amalonda a ku Kanyama, Kalingalinga ndi Mtendere amene amakagula zovala, mafoni ndi zipangizo za galimoto ku Dubai, Guangzhou ndi Johannesburg ndi ana a m'midzi yathu yomwe, ndipo amakwerera pa bwalo la Kenneth Kaunda International Airport. Komanso zina mwa zocitika zimene zionetsa bwino ubwino ndi kuipa kwa citseko cimeneci zinacitikira kwa anansi athu.

Tiyambe ndi ku Malawi. Pa 24 Meyi 1972 ndeke ya South African Airways ya mtundu wa Boeing 727, yocokera ku Salisbury, kumene tsopano timacha Harare, kupita ku Johannesburg, inalandidwa ndi amuna awiri ocokera ku Lebanon. Anali ndi mfuti ya m'manja ndi mabomba a mtundu uja wophwanyira miyala m'migodi. Mmodzi wa iwo, Fouad Kamil, anali ndi mangawa ndi kampani ya Anglo American, imene acikulire athu aikumbukira bwino pa migodi ya ku Copperbelt, ndipo anafuna ndalama kwa mkulu wake, Harry Oppenheimer. Kulowa m'cipinda ca oyendetsa sikunawavute konse. Kaputeni Blake Flemington anabwerera ku Salisbury kukamwetsa mafuta, kumene apaulendo ambiri anatsitsidwa. Atanyamukanso anawapusitsa acifwambawo, nakatera pa bwalo la Chileka ku Blantyre. Usiku, anthu otsalawo anazembera m'cipinda ca oyendetsa comweco natsika ndi cingwe pa zenera. Pomalizira pake asilikali a Malawi anawombera ndekeyo, ndipo awiri aja anadzipereka. Panalibe wapaulendo amene anafa.

Zaka zimenezo kulanda ndeke kunali kofala kwambiri, kotero kuti mu 1970 maiko anasainirana pangano mu mzinda wa The Hague lakuti wolanda ndeke azilangidwa kolimba kuli konse kumene wagwidwa. Za ku Entebbe mu 1976, ndi za ndeke ya Air Tanzania imene inalandidwa mu 1982 nikathera ku England, ambiri anazimva pa wailesi. Cimene oyendetsa anali kuphunzitsidwa masiku amenewo cinali cakuti: musalimbane nao, amvereni, teretsani ndeke pansi, ndipo boma lidzakambirana nao. Malangizo amenewa anapulumutsa anthu ambiri cifukwa acifwamba a nthawi imeneyo nawonso anali kufuna kukhala ndi moyo.

Koma kumvera munthu wosadziwa za ndeke nako kunali ndi ngozi yake. Pa 23 Novembala 1996 ndeke ya Ethiopian Airlines ya mtundu wa Boeing 767 inanyamuka ku Addis Ababa kulinga ku Nairobi. Anyamata atatu anathamangira m'cipinda ca oyendetsa, natenga nkhwangwa ndi cozimitsira moto za m'ndeke momwemo, nanena kuti ali ndi bomba. Pambuyo pake kunadziwika kuti bombalo linali botolo la mowa lokutidwa. Anamenya woyendetsa waciwiri namturutsa kunja, nalamula Kaputeni Leul Abate kuti awapereke ku Australia. Kaputeniyo anawauza kuti mafuta ndi ocepa, iwo nakana kukhulupirira. Mafuta atatha, ndekeyo inagwera m'nyanja pafupi ndi gombe la cisumbu ca Grande Comore, ndipo mwa anthu 175 munafa 125. Mmodzi wa akufawo anali Mohamed Amin, wojambula zithunzi wa ku Kenya amene anaonetsa dziko lonse njala ya ku Ethiopia ya 1984. Mu Disembala 2000 wophunzira wina wodwala maganizo analowa m'cipinda ca oyendetsa ca ndeke ya British Airways yopita ku Nairobi nagwira zowongolera, ndipo anthu pafupi-fupi 400 anapulumukira m'kamwa mwa mbuzi. Ngakhale zinatero, zitseko zinakhalabe zopyapyala, zoti munthu angathyole ndi phewa.

Cimene cinasintha zinthu ndi tsiku la 11 Seputembala 2001, pamene amuna 19 okhala ndi timipeni analanda ndeke zinai ku America, naziyendetsa okha, naziombetsa pa nyumba zitali za ku New York ndi pa likulu la asilikali pafupi ndi Washington. Yacinai inagwera m'munda apaulendo atalimbana nao. Anthu pafupi-fupi 3,000 anafa. Bungwe la maiko onse loona za ndeke, ICAO, limene Zambia ndi membala wake, linalamula kuti pofika Novembala 2003 ndeke zazikulu, monga zonyamula anthu oposa 60, zikhale ndi citseko cosaboola cipolopolo, cokhomedwa kuyambira ponyamuka kufikira potera. Malangizo nawo anatembenuzidwa: ngakhale wacifwamba aike mpeni pa khosi la wanchito wa m'ndeke, citseko cisatsegulidwe.

Citseko ca masiku ano cimagwira nchito motere. Wofuna kulowa amaliza belu, oyendetsa namuona pa kamera kapena pa kaboo, ndipo akakhutira amatsegula ali pa mipando yao. Pali nambala ya cinsinsi imene anchito a m'ndeke angadinde kunja ngati oyendetsa onse awiri akomoka. Akadinda, m'kati mumalira cenjezo kwa kanthawi kocepa, ndipo ngati palibe woyankha citseko cimatseguka cokha. Koma amene ali m'kati ali ndi mphamvu yokana. Akangokankha kabatani kokhomera, nambala ija imaleka kugwira nchito kwa mphindi zingapo, ndipo angathe kubwereza. Anacipanga tero dala, kuti wacifwamba asapindule pokakamiza wanchito kuulula nambala.

Ndipo citsekoci cagwira nchito yake, tisaciderere. Mu Juni 2006 mnyamata wina wa ku Zimbabwe anagwira mai wogwira nchito m'ndeke ya South African Airways yocokera ku Cape Town, namuopseza ndi jekeseni, nafuna kuti ndeke ipite ku Maputo. Sanafike kwa oyendetsa, ndipo anagwidwa ndi anthu a m'ndeke momwemo. Kulanda ndeke, kumene kale kunali kumveka kawiri-kawiri pa caka, kwacepa kwambiri.

Tsono apa ndi pamene pagona nkhani. Ali yense wa m'komboni adziwa kuti zitsulo zoletsa kawalala ndi zomwezo zimene zimaletsa anansi kulowa kudzathandiza moto ukabuka m'nyumba.

Pa 29 Novembala 2013 ndeke ya kampani ya boma la Mozambique, LAM, ya mtundu wa Embraer 190, inanyamuka ku Maputo kupita ku Luanda ndi apaulendo 27 ndi anchito 6. Inali yatsopano, ndipo panalibe cobvuta ciri conse. Ili pamwamba pa Botswana, pa mafiti 38,000, ndiko kuti makilomita oposa 11 kucokera pansi, woyendetsa waciwiri anaturuka kupita ku cimbudzi. Kaputeni Herminio dos Santos Fernandes anatsala yekha, citseko cili cokhoma. Anapotoza katatu kacipangizo kouza makina msinkhu woulukirapo, kufikira pa mafiti 592, pamene nthaka ya kumeneko ndi yokwera kuposa apo. Ndeke inayamba kutsika mwaliwiro. Kabokosi kojambula mau kanasunga kulira kwa macenjezo ndi kugogoda kwamphamvu pa citseko, koma wa m'katiyo sanatsegule, ndipo sanaitane ali yense pa wailesi. Ndekeyo inagwera m'nkhalango ya Bwabwata, m'kadziko kopapatiza ka Namibia kamene kamafika ku Katima Mulilo, tsidya lina la Sesheke. Onse 33 anafa. Lipoti lomaliza la boma la Namibia, loturuka mu 2016, linati kaputeniyo anacita zimenezi ndi manja ake, ndipo linachulanso mabvuto a pa banja amene anali nao, kuphatikizapo imfa ya mwana wake wamwamuna.

Pasanathe miyezi itatu, pa 17 Febuluwale 2014, woyendetsa waciwiri wa ndeke ya Ethiopian Airlines yopita ku Rome anakhomera kaputeni wake kunja m'njira yomweyo, nakatera ku Geneva kukapempha malo othawirako. Kumeneko kunalibe wofa. Macenjezo awiri otere m'miyezi itatu akanayenera kudzutsa dziko lonse, koma maiko olemera sanatekeseke kweni-kweni. Anadzidzimuka pa 24 Malici 2015, pamene Andreas Lubitz, woyendetsa waciwiri wa ndeke ya Germanwings yocokera ku Barcelona kupita ku Düsseldorf, anakhomera kaputeni kunja naombetsa ndeke pa mapiri a ku France, kupha anthu 150. Iye anali ndi kalata ya dokotala yomuletsa kugwira nchito, koma anaibisa kwa omlemba nchito. Pasanathe sabata, makampani ambiri a ku Ulaya anakhazikitsa lamulo lakuti m'cipinda ca oyendetsa musamatsale munthu mmodzi. Mafunso amene anafunsidwa ku Paris ndi ku Berlin sabata imeneyo anali ataikidwa kale poyera ku Bwabwata miyezi 16 m'mbuyomo. Kodi akufa a ku Maputo ndi Luanda sanali anthu?

Lamulo la anthu awiri ndi losabvuta kumva. Woyendetsa mmodzi akaturuka, wanchito wa m'ndeke amalowa nakhala pafupi ndi citseko kufikira mnzakeyo atabwera. Iye sadziwa kuyendetsa ndeke, koma angatsegule citseko ndi dzanja, ndiponso munthu amene ali ndi maganizo oipa amabvutika kuwacita wina ali kumuyang'ana. Ku America lamuloli linalipo ngoziyo isanacitike. Ku Ulaya silinakhalitse: mu 2016 bungwe lao loona za ndeke linasiyira kampani iri yonse kusankha, ndipo mu 2017 makampani a ku Germany analisiya. Cifukwa cimene anapereka ndi cakuti citseko cinayamba kutsegulidwa kawiri-kawiri, ndi kuti anthu olowa m'cipindamo anaculuka.

Cifukwaco si copusa iai, koma sicikhutiritsa. Ngozi ya citseko cotsegula ndi imene geti yaciwiri ija yabwera kudzacepetsa, ndipo boma la America linawerengera kuti geti imodzi ndi ya madola 35,000, ndalama yocepa poiyerekeza ndi mtengo wa ndeke. Koma kufikira lero palibe cipangizo cimene cingaletse munthu wotsala yekha m'cipindamo ndi mtima wosweka. Akulu anati mutu umodzi susenza denga. Ciweruzo cathu ndi cakuti makampani onyamula anthu pa mabwalo athu ayenera kusunga lamulo la anthu awiri, ngakhale ena analitaya.

Palinso nkhani ya umoyo wa oyendetsa. Woyendetsa ndeke amaphunzira zaka ndi ndalama zambiri, ndipo adziwa kuti akaulula kuti tulo sitibwera kapena kuti mtima wake walemedwa, cilolezo cake cingalandidwe. Motero ambiri amangokhala cete. Kuyambira mu 2021 maiko a ku Ulaya amafuna kuti woyendetsa apimidwe maganizo asanayambe nchito, ndiponso kuti akhale ndi kumene angakadandaule mwacinsinsi popanda kuopa kucotsedwa msanga. Kuno kwathu, kumene mwamuna amaphunzitsidwa kuti kulira ndi manyazi, njira yotere ifunika koposa.

Woyang'anira zonsezi m'dziko muno ndi bungwe la Civil Aviation Authority, lokhazikitsidwa ndi lamulo la 2012. Tikumbukire kuti kuyambira 2009 kufikira Juni 2016 ndeke zolembetsedwa mu Zambia zinali zoletsedwa kulowa m'maiko a European Union kaamba ka kupereweza pa kayang'aniridwe. Dzina labwino limene linabwezedwa caka cimeneco ndi lofunika kwa alimi ogulitsa maluwa ndi ndiwo kunja, ndi kwa anthu a ku Mambwe amene amadyera pa alendo odzaona nyama ku South Luangwa.

Ndipo ku Luangwa komweko kutikumbutsa cinthu cina. M'tindeke tating'ono totenga anthu khumi kapena ocepa, monga tija totera ku Mfuwe ndi m'timabwalo ta m'thengo, wapaulendo amakhala kumbuyo kweni-kweni kwa woyendetsa, popanda citseko ciri conse. Citetezo ca tindeke timeneti cimathera pansi, pa geti pamene anthu ndi katundu amasecedwa. Nkaona anchito a pa bwalo amabvulitsa malamba, namalanda malezala, masizasi ndi mabotolo a madzi oposa mamililita 100 pa maulendo a kunja, ndipo sasiyanitsa mbusa ndi wamalonda. Kunena mwanthabwala kuti "ndanyamula bomba" kumagonetsa munthu m'citokosi. Phukusi lopatsidwa ndi munthu wosamdziwa pa khomo la bwalo, ngakhale anene kuti ndi kapenta wa mwana wake ku Johannesburg, likanidwe. Ndipo mpeni wa kukhichini umene agogo apatsa mdzukulu wopita kutali uikidwe m'cikwama cacikulu copita kunsi kwa ndeke, pakuti m'kacikwama ka m'manja udzalandidwa pa geti.