Mwana Akadali M'mimba Sapatsidwa Dzina

Kwathu ku Nachisaka, mayi akaima sitilengeza pamsika. Dzina la mwana limadikira mpaka mchombo utagwa, iye atatuluka m'chikuta. Makampani opanga masewero a pakanema, omwe achinyamata timangoti magemu, akanatolapo nzeru pamwambo umenewu. Maganizo anga ndi akuti gemu izilengezedwa kutatsala miyezi yosapitirira 6 kuti ituluke.

Mu Disembala 2023 ndili patchuthi, ndinapeza anyamata ataunjikana pa foni imodzi kuonera kanema woyamba wotsatsa Grand Theft Auto VI. Kampani ya Rockstar Games inati gemuyo idzatuluka mu 2025. Mu Meyi 2025 inasintha n'kunena za 26 Meyi 2026, ndipo mu Novembala chaka chomwecho inakankhiranso tsikulo pa 19 Novembala 2026.

Wina anganene kuti kudikira sikupha. N'zoona, koma kwa munthu wakumudzi tsiku lolengezedwa limalowa mu bajeti. Gemuyi anati ndi ya makina a PlayStation 5 ndi Xbox Series basi. Tiyerekeze mnyamata amene ali ndi kachisakasa koseweretsa magemu ndi magetsi a sola. Ndalama yooneka amaigwira kamodzi pachaka, akagulitsa soya kapena mtedza. Akathamangira kugula makina chifukwa cha lonjezo, mwinanso ataonjezera ngongole ya banki m'khonde, chiwongoladzanja sichidikira gemu. Akati asunge ndalamayo, kwacha imamusungunukira m'manja, monga inagwera ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Chimene iye akufuna ndi tsiku loti angalidalire.

Kampani ya Bethesda inayesapo njira zonse ziwiri. Inalengeza Fallout 4 mu Juni 2015, pofika Novembala anthu anali akusewera kale. Koma mu Juni 2018 inaonetsa kakanema ka mapiri ndi dzina loti The Elder Scrolls VI, ndipo chaka cha 2025 chinatha gemuyo isanaoneke. Mwana amene anali Sitandade 5 panthawiyo analemba kale mayeso a Fomu 4!

Ndikudziwa kuti kulengeza msanga kumakopa antchito aluso komanso kusangalatsa eni masheya. Komatu uthenga wotere ndi wa anthu a ndalama, ngakhale amaukuta ngati ndi wa ife osewera. Choipa china n'chakuti anthu akatopa n'kudikira, kampani imaphula nsima isanapse. Cyberpunk 2077 inalengezedwa mu 2012, n'kutuluka mu Disembala 2020 ili ndi zolakwika zambiri moti Sony inaichotsa pamsika wake wa pa intaneti, ogula n'kubwezeredwa ndalama. Zolakwikazo anadzazikonza pambuyo pake kudzera pa intaneti. Kwa wa ku London imeneyo ndi nkhani ya usiku umodzi. Mnyamata wa ku Nachisaka, amene wagula chimbale chogwiritsidwa kale ntchito ku Lilongwe, alibe wom'bwezera ndalama, ndipo kuti akonze gemuyo ayenera kugula mabandulo angapo n'kukasaka pamene netiweki ikugwira bwino.