Tcheri wa ku Japan sangakondwe ku Kandeu

Zithunzi za mitengo ya tcheri yochita maluwa zimakopa ambiri pa Facebook. Japan inapatsa mzinda wa Washington mitengo yotereyi yoposa 3,000 mu 1912, ndipo mpaka lero anthu amakhamukira kumeneko kukaona maluwa ake.

Koma munthu wa ku Kandeu amene akufuna kubzala mtengowu pakhomo adzangotaya ndalama zake. Tcheri amafuna kuzizira kwa masabata ambiri kuti masamba ayoyoke, mtengo ugone, kenako uphukire maluwa. Kandeu ndi kotentha. M'boma lomwelo la Ntcheu, kumapiri a Tsangano ndiye kuli chisanu chokwanira mapichesi, omwe ndi abale ake a tcheri.

Chomvetsa chisoni n'chakuti anthu amaudutsa muwale ngati mtengo wachabe. M'chilimwe, masamba asanaphuke, umavala maluwa ofiira oonekera patali. Nthambi yake ukaidula n'kuizika pansi imamera, ndipo sulira madzi ambiri.

Ogulitsa mbande m'misika ya Ntcheu ayambe kuika muwale patsogolo. Eni makomo ku Kandeu abzale umenewu mvula ikayamba.