Wosalipila asakwele: ulendo wa ku Samfya si wa pa Kulima Tower

June akangoyamba, mafoni m'minibasi amalila na magulu atsopano a WhatsApp. Wina waponya cithunzi ca mcenga woyela wa ku Samfya, madzi a Bangweulu agundana na mitambo, pansi walemba kuti holide ya Heroes na Unity yayandikila, masiku anayi, tiyeni tikagone m'matenti. Ola lisanathe, aliyense wayankha kuti "nilimo."

Caka catha inenso n'nalimo, ndipo cifukwa ca pakamwa panga ananisankha kusunga ndalama. Pa anthu 24 amene anati apita, 9 cabe ndiwo anatuma ndalama pa tsiku limene tinapangana. Enawo nyimbo inali imodzi: "Nizatuma mailo, sitinafole." Rosa tinali titagwila kale. Lacisanu usiku anthu 6 anazimya mafoni. Mipando yawo inayenda yopanda anthu mpaka ku Luapula, ndipo ise 18 amene tinakwela tinagawana mtengo wake. Pali mnzanga wa ku koleji amene mpaka lelo timangopatsana moni wa pamalilo.

Ndiye maganizo anga ni awa: wosalipila pa tsiku lopangana acotsedwe pa gulu, ndipo ndalama ya basi isabwezedwe. Tinazolowela za pa Kulima Tower, pomwe umakwela, basi inyamuka, ndiye kondakita ayamba kusonkhetsa kumbuyo, mpando ukatsala wina adzakwela pa Kabwata. Basi ya haya ilibe zimenezo. Mwini wake amawelenga makilomita na mafuta, kaya mwakwela 10 kaya 25.

Ena adzati ni nkhanza, nanga munthu akadwala kapena kukagwa malilo? Zoona, zimenezo gulu lingakambilane, ndipo munthu angagulitse mpando wake kwa wina. Koma lamulo likhalepo ndalama isanayambe kulowa, osati kulipanga pa Kapiri Mposhi mitima itatentha kale. Cilimba timakwanitsa mwezi na mwezi popanda kupempha cifundo. Ulendo wa July nawonso ungayambe kusonkhedwa mu April, pang'onopang'ono, ndipo wosunga ndalama aziika pa gulu dzina lililonse na zimene lalipila, onse aone.

Yang'ananinso mtunda musanakondwe na cithunzi. Samfya ili pafupifupi makilomita 700 kucokela mu Lusaka, kudzela ku Kabwe, Kapiri, Mkushi na Serenje, ndiye mukhotele msewu wa ku Mansa. Tsiku lathunthu kupita, lina kubwela. Ngati muli na Ciwelu na Sondo cabe, Siavonga ili pafupifupi makilomita 200. Kulikonse kumene mwasankha, nyamukani m'mamawa. Ise tinacedwa maola atatu kuyembekeza munthu mmodzi wa ku Chalala, tinafika kutada, n'kuyamba kumanga matenti na matochi a mafoni otsala pang'ono kuzima.

Apo m'pamene katundu wathu anationetsa manyazi. Masipika tinali nawo anayi. Makula bokosi atatu, odzala. Mcele kunalibe, mthiko kunalibe, mbaula imodzi ya anthu 18, ndipo malasha aliyense anaganiza kuti mnzake wanyamula. Tenti ina yobweleka inatuluka m'cikwama ilibe zikhomo, mitengo yake iwili yothyoka. Mwini wake anati, "Manje ine n'naigwilitsa nchito 2019, n'ngadziwe bwanji?" Tenti iliyonse, ya salaula kapena yobweleka, imangidwe kaye pabwalo kunyumba sabata imodzi ulendo usanafike. Mndandanda ukhale umodzi, cinthu ciliconse cikhale na dzina la munthu pambali pake: unga, saladi, mapoto, macisi, zigubu za madzi akumwa, sopo, tishu. "Wina abweletse" ni mau amene anatigoneka na mabisiketi usiku woyamba.

Musanyengedwe na liu lakuti bichi. July ni mwezi wozizila, ndipo mphepo yocokela panyanja usiku imalowa m'mafupa. Atsikana ena ananyamula zovala zojambulila zithunzi zokhazokha, pofika 02:00 anali atafunda makatani a m'basi. Bulangete, juzi, na kamatilesi kapena mphasa yoyala pansi, cifukwa mcenga umazizila kuposa simenti. Neti na mankhwala odzola othamangitsa udzudzu musasiye, Luapula ni dela la malungo. Thupi likatentha mutabwelela, pitani ku kiliniki mukapimitse, muwauze kumene munali. Za kusambila, funsani eni malo na asodzi. Ku Kariba kuli ng'ona na mvuu, ndipo madzi odekha a m'mabango amakhala na likodzo. Munthu amene wamwa asalowe m'madzi, ngakhale atakuuzani kuti anakulila ku Kafue.

Pali cinanso cimene sitikamba. Tonse tinalipila mofanana, koma pofika m'mawa waciwili n'naona kuti atsikana anayi omwewo ndiwo anali pa mbaula na pa mbale, anyamata ali pa mpila na pa zithunzi. Mmodzi anangovula citenge n'kunena kuti, "Sin'nalipile kuti nibwele ku kicheni pati." Anali na zoona. Ndandanda ya ophika na otsuka ilembedwe muli mu Lusaka, amuna alowemo. Pa ndandanda yomweyo muikenso otola zinyalala, na masaka awili opanda kanthu. Anthu a ku Samfya amakhala pamenepo caka conse, mabotolo athu si awo otola.

Caka cino gulu lija lauka, cithunzi n'comweco, ndipo anisankhanso. Nalemba kuti tsiku lomaliza ni 15 June, wosalipila atuluka. Awili atuluka okha atakwiya. Asanu atuma kale, ndipo mmodzi walemba dzina lake pambali pa mcele.