Mawu a Mlangizi: Mwana Akapempha Kuti Mugulitse Ng'ombe

Alimi anzanga, sabata ino sitikamba za mbozi za m'chimanga kapena za kakonzedwe ka manyowa monga tichitira masiku onse. Tikamba nkhani imene yandipeza katatu chaka chino poyendera makola a ng'ombe za mkaka kuno ku Chiradzulu, ndipo ndikhulupirira kuti idzafika pakhomo panu ngati siinafike kale. Mwana wanu amene mudamphunzitsa ndi ndalama za mkaka ndi za nandolo watsiriza sukulu, ntchito sakuipeza, ndipo tsiku lina mutatha kudya nsima akhala pansi nati, "Abambo, gulitsani ng'ombe ija mundigulire kompyuta, ndifuna kuyamba malonda a pa intaneti."

Bambo ena a kufupi ndi Thumbwe adanditengera kuseri kwa khola nandifunsa monong'ona, "Alangizi, inu mudapita ku sukulu, kodi zimenezi zilipodi kapena mwanayu wazungulira mutu?" Ndidawayankha kuti mwanayo ali bwinobwino, malonda otere alipo ndithu ndipo anthu ena amadya momwemo. Koma ndidawauzanso kuti ng'ombe asagulitse.

Musaganize kuti ndinyoza anawa, iyayi. Kalembera wa 2018 adapeza anthu oposa 350,000 m'boma lathu laling'onoli, ndipo inu nomwe mudziwa kuti munda umene agogo adalima okha lero augawana adzukulu asanu. Si ana onse amene adzapeza polima. Mwana wofuna njira ina sanalakwe. Chofunika ndicho kudziwa kayambidwe kake.

Poyamba timve chimene afuna kugulitsa. M'foni mwanumo muli malangizo olembedwa ndi anthu, ouza foniyo chochita mukadina apa kapena apo. Malangizo amenewa amatchedwa pulogalamu. Pamene mutumiza ndalama pa Airtel Money, imene idayamba mu 2012, kapena pa Mpamba, imene idatsatira mu 2013, ndi pulogalamu imene ikugwirirani ntchitoyo. Tsono kusiyana kwake ndi phwetekere ndi uku: dengu la phwetekere mukagulitsa pa msika wa Mbulumbuzi lapita, mubwerere kudimba mukathyole lina, koma pulogalamu munthu ailemba kamodzi naigulitsa kwa anthu khumi, zana, ngakhale chikwi, ndipo ambiri amalipiritsa mwezi ndi mwezi monga momwe ng'ombe imodzi ikamidwira m'mawa ndi madzulo. Ichi ndicho chikopa anyamata, ndipo si bodza. Chimene aiwala kunena ndi chakuti ng'ombe yanu ili naye kale wogula mkaka wake, pamene pulogalamuyo ilibe wogula ndi mmodzi yemwe.

Anawa amakonda kutchula anthu a kunja amene adalemera ndi ntchito imeneyi, kotero ndikuuzani za mmodzi kuti pokambirana nawo musakhale osowa choyankha. Dzina lake ndi Markus Frind, mwana wa alimi amene adachoka ku Germany nakakhala pa famu ku Canada. Mu 2003, ali mu mzinda wa Vancouver, adayamba yekha tsamba la pa intaneti lotchedwa Plenty of Fish, lothandiza amuna ndi akazi kupezana, ntchito imene kwathu kuno tikadaisiyira amalume ndi ankhoswe. Anthu sankalipira polowa, ndalama zinkachokera kwa amalonda olengeza katundu wawo pa tsambalo. Kwa zaka zingapo adagwira ntchitoyo yekha m'nyumba mwake, ndipo mu 2015 kampani ya Match Group idagula malondawo pa mtengo wa madola 575 miliyoni. Popeza sadagawireko munthu wa ndalama gawo lililonse poyamba, malondawo anali ake yekha pogulitsa.

Mwana wanu adzamva za mamiliyoniwo. Inu mvani zinazo: munthuyu adayamba ndi zimene anali nazo kale, munthawi yake yopuma, ali pa ntchito ina, ndipo malondawo adakula ndi ndalama zimene adabala okha. Munda wa makolo ake sudagulitsidwe. Ndiponso kumbukirani kuti timamva za iye chifukwa adapambana. Anzake ochuluka amene adayesa nalephera palibe amawalemba m'nyuzipepala.

Tibwerere ku Thumbwe. Ndidaitana mnyamata uja tikhale pa khonde atatu pamodzi ndi bambo ake, mayi ake ali chapatali kudula nsenjere koma khutu lili kwa ife. Ndidamfunsa, "Mphwanga, pulogalamu yakoyo idzachita chiyani?" Adati idzalumikiza alimi onse a m'Malawi ndi ogula onse. Ndidati, "Chabwino. Nditchulire munthu mmodzi wa m'mudzi muno amene adzakulipira mwezi wamawa." Adakhala chete. Sindidafune kumchititsa manyazi pamaso pa bambo ake, pakuti nzeru ali nazo ndipo pa foni amachita zinthu zimene ine sindizitha. Ndidangomuuza kuti kwa masabata awiri azipita ndi mayi ake kokapereka mkaka, asanene za pulogalamu, azingomvera chimene anthu adandaula.

Inu a ng'ombe za mkaka mudziwa kale chimene adakamva. Mkaka timapereka tsiku ndi tsiku pa malo osonkhanitsira, kalaliki alemba malita m'buku, koma ndalama zibwera pakutha pa mwezi. Pofika tsikulo ndani akumbukira kuti Lachiwiri la sabata yoyamba adapereka malita angati? Wina amalemba pa chikoma ndi khala, wina pa chikuto cha kope la mwana, wina salemba konse. Ndalama zikachepa ayamba kukayikira kalaliki, pena molakwa, pena mosalakwa, ndipo mkangano wake umafika mpaka kwa ife alangizi.

Mnyamatayo adayamba ndi foni yomweyo imene anali nayo. Madzulo aliwonse ankalemba malita a mayi ake ndi a nyumba zinayi zoyandikana nawo, pamodzi ndi zimene adagula monga madeya, mchere ndi mankhwala a nkhupakupa, ndipo Loweruka ankatumizira aliyense uthenga wa pa foni wonena malita a sabata yonse ndi ndalama zimene ayenera kuyembekeza. Mwina museka kuti imeneyo si pulogalamu, ndi ukalaliki chabe. Inde, ndipo ndiko kuyamba kwabwino. Munthu amene wagwira ntchito ndi manja kwa miyezi itatu adziwa chimene makina ayenera kudzachita. Iye adapeza zinthu zimene sakadaziganiza ali m'chipinda: kuti ambiri ali ndi timafoni ting'onoting'ono tosalowa pa intaneti, kuti uthenga uyenera kukhala wa m'Chichewa ndi waufupi, kutinso m'nyumba zina foni ndi ya bambo koma wokama ng'ombe ndi mayi, ndipo mayiyo safuna kuti uthenga wa ndalama ufikire pa foni imeneyo. Ichi chomalizachi ngakhale ine sindidachiganize, chikhalirecho ndayenda m'makola zaka zambiri.

Pa mwezi woyamba onse adamtama. Pa mwezi wachiwiri adapempha kangachepe, mtengo wa lita imodzi ya mkaka pa mwezi. Awiri adalipira, mmodzi adati adzalipira akalandira, awiri adati, "Mwana wa pano pomwe n'kumatilipiritsa?" Adabwera kwa ine atakhumudwa. Ndidamuuza kuti tsiku limenelo ndilo adayamba malonda, pakuti tsopano adziwa kuti mwa anthu asanu oyamikira, ogula ndi awiri. Mawu oyamikira sagula bandulo. Akadagulitsa ng'ombe powerengera asanu aja, bwenzi lero kulibe ng'ombe, kulibenso malonda.

Pali zina zimene anawa saziwerengera, ndipo inu makolo muyenera kuwafunsa. Pulogalamu ikakula imafuna pokhala, ndiye kuti makompyuta aakulu osazima usana ndi usiku, amene kawirikawiri ali kunja kwa dziko lino, ndipo eni ake amalipiritsa lendi mu madola. Ngakhale kulembetsa kuti pulogalamu yako ipezeke pa Google Play kumafuna madola 25. Koma ogula athu alipira mu makwacha. Mukumbukira kuti kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndiponso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo mudaona chimene chidachitikira thumba la feteleza. Lendi ija imakwera chimodzimodzi usiku umodzi, pamene mlimi wolipira lita imodzi sangavomere kulipira awiri m'mawa mwake. Munthu amene adayamba ndi ngongole, makamaka ya katapila, nthawi yotere imammiza. Amene adayamba ndi zake zochepa amangochepetsa liwiro nadikira.

Funsaninso kuti ogula ake ndi angati. Anyamata ena amakondwa bungwe limodzi likawapatsa ntchito yaikulu, naiwala alimi aang'ono aja. Ife a kuno tidaphunzira kale za wogula mmodzi. Mu 2017 dziko la India lidachepetsa nandolo wogula kunja, ndipo matumba adaunjikana m'nyumba zathu mtengo utagweratu. Ntchito za mabungwe zili ndi tsiku lake lotha. Alimi makumi atatu olipira pang'onopang'ono sangakuthawe onse tsiku limodzi.

Tsono ndinene za inu eni, pakuti pano ndi pamene malonda ambiri a ana athu amafera, ndipo owapha si ogula koma a m'nyumba momwemo. Mwana akalandira ndalama yoyamba, mayi afuna sopo, bambo afuna mayunitsi, amalume amva kuti mphwawo wayamba kulandira nabwera ndi nkhani ya maliro a kutali. Aliyense atenga pang'ono, ndipo palibe wakuba pakati pawo. Koma pakutha pa mwezi palibe chogulira bandulo, uthenga wa Loweruka sutumizidwa, ogula aleka. Munthu woyamba yekha wopanda ngongole alibe mpamba wina koma phindu lomwelo. Inu simuphika mbewu imene mudasunga padenga, ngakhale mu Januwale njala itavuta. Ndalama ya miyezi yoyamba ya mwanayo ndi mbewu yotero. Gwirizanani poyera, mwinimbumba ali pomwepo, kuti gawo lakuti ndi la pakhomo ndipo gawo lakuti silikhudzidwa. Ngati pakhomo n'povuta kusunga, alowe banki mkhonde kuti ndalamayo ikhale m'bokosi la maloko atatu. Kwa banja la ku Thumbwe lija, mayi ndiwo adadula nkhaniyi. Adati, "Ndalama ya mkaka ndiyo tidye, ya mwanayu musaigwire," ndipo bambo sadawonjezepo.

Kukhala wekha kuli ndi ubwino wake, pakuti palibe wokulamula ndipo palibe wogawana naye, koma kuli ndi choopsa chimodzi chachikulu. Mwini akadwala malungo, malonda onse agona naye pa mphasa. Foni ikagwera m'madzi kapena kubedwa pa msika, mabuku a anthu onse apita. Taonanso m'zaka zomwezi kuti magetsi sitingawadalire: namondwe Ana adaononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, ndipo Freddy mu Malichi 2023 adatisiya kuno ku Chiradzulu tili ndi maliro, misewu yoduka ndi mdima. Chifukwa chake ndidauza mnyamatayo zinthu zitatu: alembenso zonse m'kope Lamulungu lililonse, aphunzitse mlongo wake katumizidwe ka uthenga, ndipo chinthu choyamba kugula ndi phindu chikhale kasola kotchajira foni, osati nsapato.

Ena mwa inu mufunsa kuti nanga kompyutayo sadzaigula konse? Adzaigula, pakuti pulogalamu yeniyeni silembeka bwino pa foni, ndipo ogula akachuluka ukalaliki wa pamanja sungathekenso. Funso ndi la nthawi yake ndi la ndalama yogulira. Pakhonde paja tidapangana motere: alimi olipira akafika makumi awiri, nalipira miyezi itatu yotsatana osakumbutsidwa kawiri, bambo adzathandiza kugula laputopu yogwirapo kale ntchito ku Limbe, ndipo apite ndi munthu wodziwa kuyesa batire asanapereke ndalama. Chogulitsa sichidzakhala ng'ombe yokamidwa. Ng'ombeyo ili ndi bere, ndipo ikabala kamphongo, amene pa khola la mkaka alibe ntchito yambiri, ndiye adzaleredwa nagulitsidwa chifukwa cha mwanayo. Ikabala kathadzi, kadzakhala m'khola, ndipo adzayang'ana kwa mbuzi.

Pamene ndidadutsako sabata yatha, olipira anali khumi ndi mmodzi. Mmodzi wa iwo ndi mayi uja amene poyamba adakana kulipira mwana wa pamudzi, amene adabwera yekha atasemphana ndi kalaliki pa malita asanu ndi awiri.