Nzeru si chiphaso chotukwanira anzako

Inu amene mumagulitsa mafoni ku Limbe, kapena kulandira ndalama za kasitomala pafoni mumsika wa Lilongwe, mwina dzina la Linus Torvalds simudalimvepo. Koma ngati foni yanu ili ya Android, ntchito ya mkuluyu muli nayo m'thumba.

Mu 1991, ali pasukulu ya ukachenjede ku Helsinki m'dziko la Finland, a Torvalds adayamba kulemba Linux, mtima wa pulogalamu yoyendetsa mafoni amenewa komanso makompyuta ambiri a intaneti. Sadaitsekere m'bokosi ayi. Adaisiya poyera kuti aliyense aione, aikonze, aigawe ulere. Tingoti ndi dima: anthu zikwizikwi kulima munda umodzi.

Tsono vuto lidali pakamwa pa mwini dima. Munthu ukatumiza ntchito yolakwika, a Torvalds amatha kukutsira mphepo ndi kukutukwana dziko lonse likuwerenga. Ambiri ankaseka, ati ndi momwe alili, ndipo ndi mkwiyo womwewo umene ukusunga ntchito yabwino. Mu 2013 a Sage Sharp, katswiri wa ku Intel amene ankayang'anira mbali ya USB 3.0, adapempha kuti zotukwanazi zithe. Sadamveredwe. Mu 2015 adatula khasu pansi nachoka. Nanga amene adachoka mwakachetechete, osalemba kalata, adawawerenga ndani?

Mu Sepitembala 2018 a Torvalds adapepesa, navomera kuti khalidwe lawo lidapweteka anthu, ndipo adapuma pantchito pafupifupi mwezi. Nthawi yomweyo gulu la Linux lidalandira malamulo a khalidwe otengedwa mu Contributor Covenant, imene a Coraline Ada Ehmke adalemba mu 2014.

Alipo ena amene mpaka lero akuti malamulo otere ndi kumanga anthu pakamwa. Ine sindikuvomereza. Palibe amene waletsa kukana ntchito yoipa. Telala akakusokerani malaya okhota mumambwezera, koma kodi mumatukwana mayi ake? Kunena kuti "mzere uwu ugwetsa kompyuta" ndi ntchito. Kunena kuti "ndiwe chitsiru" si ntchito, komanso sikukonza mzerewo. Ndipo amene amayamba kuthawa ndi atsopano, amayi, ndi amene Chingerezi si chiyankhulo chawo, monga inu ophunzira athu.

Amene akuganiza kuti iyi ndi nkhani ya ulemu chabe amve za xz, kapulogalamu kopanikiza mafayilo kamene kali m'makompyuta ambirimbiri a Linux. Kankasamalidwa ndi munthu mmodzi wongodzipereka, wosalipidwa. Mu 2022 anthu a maina osadziwika adayamba kumulalatira kuti akuchedwa, ntchito yamukanika, apereke kwa ena. Munthu wotopa uja adagawira udindo wina wodzitcha Jia Tan, amene ankaoneka wothandiza zedi. Mu Malichi 2024 a Andres Freund a ku Microsoft adadabwa kuona kompyuta ikuchedwa ndi theka la sekondi. Atafufuza adapeza kuti Jia Tan adabisa khomo lachinsinsi loti akuba azilowera m'makompyuta a eni. Chikhala kuti sadadabwe, bwenzi tikusimba zina.

Sindikunena kuti pepala la malamulo likadagwira mbala imeneyi. Ndikunena kuti kulalatira kuja sikudadabwitse anthu, chifukwa m'magulu ambiri otere kukalipira munthu wogwira ntchito ulere kudazolowereka ngati moni. Pamene aliyense ali ndi mwano, wamwano wotumidwa simungamuzindikire.

Komanso pepala lopanda mano ndi pepala basi. Payenera kukhala anthu olandira madandaulo mwachinsinsi, ndi chilango chosaona nkhope. Mu Novembala 2024 komiti ya Linux idaimitsa kwa kanthawi katswiri wina wodziwika atanyoza mnzake, ngakhale kuti luso lake palibe ankalikayika. Ntchito yake yatsopano sidalandiridwe mu Linux 6.13.