Makina Amene Sakhudzidwa ndi Manja

Ife a m'Blantyre timadalira luso la manja. Foni ikafa timathamangira nayo ku Limbe, mbaula ikabooka amisiri a ku Ndirande alipo. Koma pali makina ena amene wokonza saloledwa n'komwe kuwayandikira, chifukwa amatulutsa radiation, mphamvu yosaoneka, yosanunkha, koma yowononga thupi mkati.

Nanga akawonongeka zimatha bwanji? Malamulo ake ndi atatu: osakhalitsa pafupi, kutalikira, ndi kutchinga. Mtunda ukawirikiza kawiri, mphamvu yokufika imatsala gawo limodzi mwa magawo anayi. N'chifukwa chake mu 1949 Raymond Goertz wa ku Argonne, ku America, anakonza mikono yachitsulo yotsanzira dzanja la munthu. Iwe ukafinya chogwirira kuno, zala zachitsulo zimafinya kuseri kwa khoma.

Ku Pelindaba, pafupi ndi Pretoria, kumene reactor ya SAFARI-1 yakhala ikugwira ntchito kuyambira 1965, mankhwala ounikira matenda amakonzedwa motero, m'zipinda zotchedwa hot cell. Makoma ake ndi okhuthala, ndipo katswiri amasuzumira pagalasi losakaniza ndi mtovu. Ntchitoyi imafuna kudekha. Ku Fukushima, mu November 2024, loboti inatenga masabata kuti itulutse kachidutswa kosakwana galamu imodzi, pa zinyalala zoopsa zokwana matani pafupifupi 880.

Mwina mukuti, “Ndiye ife zikutikhudza pati?” Kayelekera ku Karonga ndi mgodi wa uranium. Ku Nyambadwe, International Blantyre Cancer Centre inatsegulidwa mu 2024, ndipo imachiza khansa ndi radiation. Lamulo la 2011 linakhazikitsanso bungwe la AERA loyang'anira zonsezi. Achinyamata amene mukuphunzira uinjiniya ku MUBAS, ine ndikuona ntchito pamenepa.

Koma nkhawa yanga ili pa ogula ndi kugulitsa zitsulo zakutha. Mu 1987 ku Goiânia, ku Brazil, anyamata awiri anatola makina ochizira khansa m'chipatala chosiyidwa, n'kuwaphwasula. Ufa wa caesium-137 unali kuwala mokongola, anthu n'kumagawana. Anayi anamwalira, kuphatikizapo mtsikana wa zaka 6, ndipo oposa 100,000 anakapimidwa.

Choncho abale, mukapeza chitsulo cholemera modabwitsa, chokhala ndi chizindikiro cha mapiko atatu pachikasu, musachitsegule kapena kuchinyamula. Talikirani, chotsanipo ana, dziwitsani apolisi ndi a AERA. Uzaninso m'bale wanu wa ngolo ya zitsulo uja lero lomwe.